Nthanda pa Yunifomu ya Amayi

Lachitatu, 6 Juni 2012

Ndadzuka lero mtima ukugunda ngati ndikukalemba mayeso, chikhalirecho amene ayamba mayeso lero ndi ena. Alamu ndinaitchera 4 koloko koma inandipeza ndili maso kale. Ndinakankha katani. Kunja kunali kutayamba kuyera, monga kumachitira kuno mwezi uno, koma kumwamba konse kunali kotuwa, chiperoni chenicheni, ndipo madenga a Drumcondra, dera limene tikukhala kuno kutsidya kwa nyanja, anali onyowa. Ndinakhala kaye pabedi.

Ndilembe kaye chimene chinandidzutsa, kuti ndisadzaiwale ndikadzakula.

Pachitseko cha firiji pakhala pali fomu milungu itatu tsopano. Ndi ya maphunziro amene ndikufuna kutenga zaka ziwiri zomaliza za sekondale. Zonse tinagwirizana, kupatula mzere umodzi. Fizikisi ndi bayoloje aziika nthawi imodzi, ndiye munthu asankhe chimodzi. Ine ndikufuna fizikisi. Koma chigwereni chuma cha dziko lino aphunzitsi akuchepa m'masukulu, ndipo kwathu anena kuti kalasi ya fizikisi idzakhalako pokhapokha atsikana akakwana. Tsiku lotsekera, aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti patsala dzina limodzi, ndipo mndandanda autseka Lachisanu lino. Ananena akuyang'ana pawindo, koma tonse tinadziwa kuti dzinalo ndi langa.

Adadi alibe nazo vuto. Koma amati fomu imeneyi sangasayine okha, chifukwa iwo akadali pasukulu ku yunivesite, ndipo amene amadzuka m'bandakucha kuti m'nyumba muno tidye ndi Amayi. Ku Zomba Amayi ankaphunzitsa ku pulayimale. Kuno amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Coolock, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Iwo akufuna nditenge bayoloje, ndidzakhale nesi. Nthawi zonse amandikumbutsa za ankolo a ku Zambia amene timapemphera nawo, injiniya weniweni, amene ankagwira ntchito ku Citywest koma pano akuyendetsa takisi. Amati chuma chigwe chisagwe, okalamba satha, ndipo munthu adzafunabe womutembenuza pabedi. Sindingawatsutse pamenepo. Ndimawaona mapazi awo akabwera madzulo.

Lamlungu lapitali akusita yunifomu yawo ndinayambitsanso nkhaniyo. Anati fizikisi ndi maphunziro a zinthu zosaoneka, munthu umangokhulupirira zimene walemba mzungu. Ndinayankha kuti si zoona, ndipo ndikhoza kuwauza chinthu chimene chichitike Lachitatu m'mawa, ndi mphindi yake yomwe. Pulaneti ya Venasi, imene iwo amaidziwa kuti Nthanda, idutsa pakati pa ife ndi dzuwa, ndipo ioneka ngati kadontho kakuda pankhope ya dzuwalo. Dzuwa likamatuluka kuno kadzakhala katatsala pang'ono kuchoka, ndipo 5:37 kadzakhudza m'mphepete.

Amayi anaseka mpaka kuimika ayironi. Anati Nthanda amaidziwa bwino, ndi yowala kuposa nyenyezi zonse, ndiye ine ndikuti ida? Kenako anandiyang'ana.

"Chabwino, a profesa," anatero. "Ndikakaona ndi maso angawa, ndisayina. Kakapanda kuoneka, bayoloje, ndipo nkhaniyi ithere pomwepo."

Ndinavomera msanga, osaganizako za mitambo. Mutu wangawu nthawi zina umaiwala dziko limene tikukhala.

Aphunzitsi anali atandibwereka bainokulasi yawo, choonera kutali cha maso awiri, ndi kundiphunzitsa kaonedwe kake. Suyang'anamo ayi, ungathe khungu nthawi yomweyo. Umatseka diso limodzi la bainokulasiyo, linalo n'kulilozetsa ku dzuwa, ndiye chithunzi cha dzuwa chimatulukira kumbuyo n'kugwera papepala loyera. Ndinamata mapepala awiri oyera pakatoni, ndipo sabata yonse ndakhala ndikuyeserera kuseri kwa nyumba, dzuwa likangosuzumira.

Nditatsikira kukhitchini m'mawa uno ndinapeza Adadi atatsegula kale laputopu. Kumwambako kuli makina amene ntchito yake ndi kujambula dzuwa, ndiponso kuli anthu amene akukhala m'chombo chozungulira dziko, ndipo mmodzi wa iwo ankajambula ali pawindo. Zithunzi zinali zikubwera. Dzuwa linali lalikulu, lofiira ngati khala, likuwira m'mbali, ndipo Venasi inali pamenepo, yobulungira, yakuda bii. Ndinamva nsanje. Iwowo ali pamwamba pa mitambo yonse, palibe chowatchinga.

Adadi anaitana Amayi, poganiza kuti mwina nkhani ithera pomwepa tibwerere kukagona. Amayi anabwera akumanga mpango, anawerama, anayang'ana, n'kunena kuti kadontho ngati kameneka ngakhale iwo akhoza kukajambula atapatsidwa cholembera. Pangano linali la maso, osati la kompyuta. Adadi anandiyang'ana n'kukweza mapewa.

Tikutuluka, ndinaona Amayi anyamula beseni lathu labuluu ndi chigubu cha madzi. Ndinadziwa nthawi yomweyo. M'chaka cha 2001, kadamsana atagwira dzuwa, ine ndili ndi zaka zisanu, mzere wonse wa nyumba za aphunzitsi ku Zomba unatulutsa mabeseni pabwalo, anthu n'kumaonera dzuwa m'madzi. Ndimakumbukira mitu ya anthu itazungulira beseni, ndi nkhuku zikulowa m'khola masana. Ndinawauza kuti madzi sateteza maso, aphunzitsi ananena motsindika. Anayankha kuti Zomba yense anaonera m'beseni ndipo sanamvepo za munthu amene anachita khungu. Sindinafune kukangana nawo tsiku ngati ili. Anaika zinthu zawo kumbuyo kwa galimoto, pafupi ndi katoni yanga.

Malo ndinali nditawasankha kale. Ku Coolock, osati patali ndi kuntchito kwa Amayi, kuli sitolo yaikulu ya mipando imene inatsekedwa chaka chatha. Bwalo lake loimikapo magalimoto ndi lalikulu ngati mabwalo awiri a mpira, udzu ukumera m'ming'alu, ndipo chakum'mawa kulibe nyumba yaitali. Amayi anavomera malowo chifukwa akangomaliza kundigonjetsa sachedwa kuntchito. Anatero okha.

Tinafika 5 koloko isanakwane. Panalibe munthu, koma mbalame za kunyanja zokha, zitaima m'mizere yoyera ngati nazonso zaimika magalimoto. Mvula inali italeka koma mphepo inkalowa m'mafupa. Adadi anatsegula kumbuyo kwa galimoto, ndipo ndinangomva akuti, "Mayo."

Chivindikiro cha chigubu sichinatsekedwe bwino. Madzi anali atatayikira pakatoni yanga. Nditainyamula inalefuka ngati chitumbuwa chonyowa, mapepala oyera aja anamatuka n'kung'ambika m'manja mwanga. Ndinaima pamenepo nditagwira zinyenyeswa. Amayi anati chigubucho chinali bwinobwino, vuto ndi kayendetsedwe ka Adadi pamaraundabauti. Adadi anayamba kufufuza m'galimoto chinthu china choyera. Anapeza nyuzipepala yakale yodzaza zilembo, malisiti a petulo, ndi kabuku ka nyimbo kachikuto chobiriwira, kamasamba achikasu. Fomu ija, pepala loyera lokhalo limene ndinkaliganizira, inali pafiriji kunyumba.

Sindinalire, ngakhale misozi inali pafupi. Ndinaganiza kuti ndikonze kaye zimene zikukonzeka. Bainokulasi inkafunika poikhazika pokwererapo, ndipo chinthu chokhacho chinali beseni la Amayi. Ndinalipempha. Anandipatsa mosavuta, mwina chifukwa madzi anali atatha kale. Ndinalivundikira paboneti, ndinaikapo bainokulasi, ndinaimanga ndi tepi, n'kupinda mpango wanga pansi pake kuti iyang'ane m'mwamba pang'ono.

Kenako tinadikira. 5 koloko inadutsa. Ndinadziwa kuti dzuwa latuluka, chifukwa kuseri kwa mafakitale kunali kachikasu kotumbuluka, koma mtambo unali utakhala pamenepo ngati munthu amene wapeza mpando wabwino m'basi. 5:10. 5:20. Adadi ankawerenga nthawi pafoni mpaka Amayi anawauza kuti asiye, akumupweteka mwana. Anandipatsa tiyi wa m'fulasiki, n'kundiuza mofatsa kuti unesi si chilango, ndipo nyenyezi ndikhoza kumaziwerenga pandekha Loweruka. Kufatsa kwawoko kunandipweteka kuposa kuseka kwa Lamlungu. Ndinaganiza za anzanga aja, amene kalasi yawo ikudikira dzina langa, ali mtulo osadziwa kuti zonse zili m'manja mwa mtambo umodzi wa ku Coolock.

Adadi ndi amene anaona poyamba. Pansi pa mtambo waukulu panatseguka kampata kopyapyala, kautali, ngati chitseko chimene wina wachisiya chosatseka bwino, ndipo mtambowo unkakwera pang'onopang'ono. Denga la sitolo kumbuyo kwathu linayamba kuwala. Ndinatembenuka uku ndi uku. Galimoto yathu ndi yofiira. Jekete la Adadi ndi lakuda, juzi yanga yabuluu. Khoma la sitolo linali kutali, lotuwanso. Kenako ndinaona kakolala koyera katasuzumira pakhosi pa jekete la Amayi.

"Amayi, vulani jekete."

"Iwe, kuzizira konseku?"

"Chonde, Amayi. Yunifomu yanu. Imani apa, mufulatire dzuwa."

Yunifomu ya Amayi si chinthu choseweretsa. Amaichapa yokha, amaiyanika, amaisita kawiri, ndipo m'nyumba muno palibe amene amaloledwa kudya pafupi nayo. Anandiyang'ana, anayang'ana Adadi, kenako anavula jeketelo n'kuwaponyera. Ndinawagwira m'mapewa n'kuwaimika kumbuyo kwa bainokulasi, sitepe imodzi, ina theka. Adadi anatambasula jekete pambali kuti pakhale mthunzi. Ine ndinkasuntha beseni pang'onopang'ono, ndikuyang'ana mthunzi wa bainokulasi monga anandiphunzitsira. Kuwala kunadumpha pamsana pawo, kunathawa, kunabweranso. Ndinapotoza kagudumu ka pakati mpaka m'mbali munakhala bwino.

Dzuwa linali pamsana pa Amayi, lobulungira, lalikulu ngati pakamwa pa kapu. Ndipo pafupi ndi m'mphepete panali kadontho kakuda, kobulungira bwino lomwe ngati kambewu ka mpiru. Panalinso timadontho tina totuwa chapakati, mawanga a dzuwa lenilenilo, koma aka kanali kosiyana, kakuda kwambiri, kosalala m'mbali.

Adadi ankangoti, "Ndi kameneka, ndi kameneka," akuseka ngati mwana, jekete likugwedera.

"Ndiye ine ndione bwanji?" anatero Amayi. "Mwandisandutsa bolodi? Maso anga ali kumsana?"

Ndinawatembenuza, ndikuwachonderera kuti ayang'ane pansi pokha, asadzutse maso. Anagwira m'munsi mwa yunifomu ndi manja awiri n'kuikokera kutsogolo, monga amachitira munthu wolandira mtedza pansalu. Dzuwa linagwera pamenepo, litatalika pang'ono ngati dzira, kadontho kali pomwepo.

Amayi anakayang'ana. Kenako anachita zimene amachita nthawi zonse akaona chinthu payunifomu: anakakanda ndi chikhadabo. Kadonthoko kanakwera pachikhadabo chawo. Anachotsa chala, kanabwerera pansalu. Anasuntha nsalu, nsalu inayenda koma iko kanatsala pamalo pake m'dzuwamo. Anapukusa mutu, anayesanso ndi chala china.

"Sikakuchoka," anatero motsitsa.

Ndinawauza kuti ndi Nthanda yawo yomwe ija, kungoti lero taiona kumbali imene dzuwa silikuwalitsa. Ndi dziko lathunthu, lalikulu pafupifupi ngati lathuli. Amayi anafunsa Adadi nthawi. Inali 5:32.

Ndinawaonetsa dzanja langa, pamene ndinali nditalemba 5:37 ndi bolopeni kuti pasadzakhale zoti ndasintha mawu. Pakati pa kadontho ndi m'mphepete mwa dzuwa panali kampata kowala, kopyapyala ngati ulusi. Ndinati akayang'anitsitse kameneko. Dzuwa limayenda, ndiye mphindi iliyonse ndinkasuntha beseni kuti lisachoke pansalu. Kamtambo kena kanadutsa, chithunzi chinazilala, kenako chinabwerera. Amayi manja anali atachita tsemwe koma sanasunthe. Ulusi uja unkachepa. Adadi ankanong'oneza nthawi ndipo ulendo uno palibe anawaletsa. 5:35. 5:36. Kenako ulusi unaduka, kadontho kanalumikizana ndi mdima wa kunja, ngati dzuwa lalumidwa pang'ono m'mbali.

Amayi anadzutsa mutu n'kuyang'ana foni ya Adadi okha, osafuna kuuzidwa. Inali 5:37.

"Anakuuza ndani?"

Ndinati masamu. Anthu anawerengera kalekale, ndipo njira yowerengerayo ndi imene amaphunzitsa m'kalasi ija. Ine ndangoloweza yankho, koma ndikufuna ndidzadziwe kulipeza ndekha.

Tinaonerabe mphindi zina zingapo, kulumidwa kuja kukuchepa, mpaka mtambo unatsikanso n'kutseka zonse. Mvula inayamba kuwaza. Amayi anavala jekete lawo, anafunsa beseni lawo, anachotsa tepi yonse mosamala n'kulibwezera m'galimoto. Za fomu sanatchule. Tinakawasiya pageti la kuntchito nthawi isanakwane, ndipo potsika anangondiuza kuti ndikaumike m'galimoto ndi kuchotsa nkhuku mufiriji.

Tsiku la lero latalika ngati sabata. Ndinayesa kugona, zinakanika. Ndinaonanso zithunzi za kumwamba zija. Ndi zokongola kwambiri kuposa zathu, palibe kukana, mpaka kuoneka kamzere kowala kozungulira Venasi. Koma nsanje ya m'mawa ija inali itatha. Munthu wa pawindo la chombo uja ndi ife tinkayang'ana kadontho kamodzi komweko, iye ndi kamera yake, ife ndi beseni. Ndinafunsa Adadi ngati akuganiza kuti Amayi asayina. Anati pa zaka zonse zimene akhala nawo sanawaonepo akubweza mawu, komanso sanawaonepo akuvomera msanga kuti agonja, ndiye ndidikire. Fomu ndinaisuntha kuiika pakati penipeni pa chitseko cha firiji. Kenako ndinaona kuti zikuonetsa kwambiri, ndinaibwezera pamene inali.

Amayi anafika madzulo kukadali kowala. Anakhala pampando wa kukhitchini n'kuvula nsapato, ine ndinawaikira madzi ofunda a mapazi, m'beseni lomwe lija. Anayamba kufotokoza za kuntchito monga mwa masiku onse. Kenako anati pali agogo ena aamuna, amene kale ankagwira ntchito m'sitima za panyanja, ndipo powaveka m'mawa anawauza kuti lero Nthanda inatera payunifomu yawo. Agogowo akuti anafunsa kuti wawaonetsa ndani, ndipo Amayi anayankha kuti mwana wawo, amene akutenga fizikisi.

Ananena choncho akuyang'ana mapazi awo m'madzi. Ine ndinaima ndi thaulo m'manja, osadziwa ngati ndamva bwino.

"Ukuimiranji? Bweretsa pepalalo ndisanasinthe maganizo."

Anapukuta manja, anavala magalasi, anawerenga fomu yonse kuyambira pamwamba ngati sanaionepo, n'kusayina ndi siginecha yawo ya uphunzitsi, yaitali ija yokhala ndi mchira. Anati asadzamve kuti fizikisi yavuta, chifukwa anaima pamphepo opanda jekete chifukwa cha iyo. Ndinagwada powathokoza, ndipo anandikankha pamutu kuti ndidzuke, pansi panyowa.

Tikudya anafunsa kuti zimenezi zidzachitikanso liti, kuti ulendo wina adzatenge nsalu yabwino. Ndinati m'chaka cha 2117. Anawerengera ndi zala, anasiya. Anati ndiye kuti patebulo pano palibe amene adzakhalepo, ngakhale ine. Ndinavomera. Kenako anati ndinachita bwino kuwadzutsa. Za chivindikiro cha chigubu akuti mpaka pano ndi maraundabauti.

Ndawauzanso chinthu china, kuti Nthanda tsopano yawolokera mbali ina ya dzuwa, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu aziiona m'bandakucha chakum'mawa, yowala monga amaidziwira. Ati aiyang'anira, ndipo ikachedwa adzandifunsa.

Nambala ija ikuonekabe padzanja langa ngakhale ndatsuka mbale. Fomu ndaiika m'buku lalikulu la masamu kuti isapindike, bukulo m'pulasitiki, pulasitikiyo m'chikwama, kutali ndi chigubu chilichonse. Mawa ndidzuka 8 koloko, ndivala yunifomu yanga ya sukulu ngakhale tatsekera, ndipo ndikapereka ndekha ku ofesi, ndikuyenda monyang'ama pakhonde chifukwa m'holo akulemba mayeso. Ndikatero ndikafunafuna aphunzitsi, ndiwabwezere bainokulasi yawo, ndi kuwauza kuti aitane anzanga aja: dzina lakwana.